Kodi Mwana Wanu Akugona Pati Usiku Uno?



Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'parishi muno mumamveka nthungululu. Mabanja amapereka Misa zothokoza, amayi amavina ndi mphatso mpaka ku guwa, abambo nawo amayenda mapewa ali m'mwamba. N'koyenera kutero, pakuti mwana kufika pamenepo si masewera. Koma nthungululu zikazilala, mwana uja atanyamula chikwama chake n'kukwera basi, mafunso athu pa foni amakhala awiri okha: fizi yatsala zingati, ndipo mayeso ayenda bwanji. Funso lachitatu timaliiwala, ndipo ndi limene ndabwera nalo lero ngati mwana wanu: kodi mwanayo akatseka buku usiku, akugona m'chipinda chotani?

Dziko lathu lili ndi mayunivesite a boma asanu ndi limodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS amene malikulu awo ali mumzinda wathu uno wa Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Palinso a mipingo ndi ena oima paokha, monga yunivesite yathu ya Katolika ku Nguludi. Chiwerengero cha ophunzira chakwera kwambiri m'zaka zapitazi, koma malo ogona a pasukulu sanakule mofanana nacho. Choncho ana ambiri amakafuna okha nyumba za lendi: ku Chikanda kwa amene ali ku Zomba, ku Luwinga kwa amene ali ku Mzuzu, ndipo kuno kwathu timawaona ku Chitawira, ku Zingwangwa, ku Naperi ndi ku Ndirande. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu inakwera, lendi nayo sinatsale. Ngongole ya boma imene ena amalandira imathandiza ndithu, koma si onse amaipeza, ndipo woipezayo amaigawa pakati pa chakudya, mabuku, intaneti ndi nyumba. Ndalama ikachepa, mwana amasankha chipinda chotchipa, ndipo amakhala chete.

Amakhala chete chifukwa amakukondani. Amadziwa kuti munagulitsa mbuzi, munatenga ngongole ku banki mkhonde, ndipo kumbuyo kwake kuli azing'ono ake ofunanso fizi. Ife amene tachoka ku koleji posachedwapa tikudziwa yankho limene wophunzira amapereka mayi ake akaimba foni: zonse zili bwino. Akunena zimenezo chidebe chili pakati pa chipinda kulandira madzi odontha kudenga.

Tate wakhungu amene anaona patali

Buku la Tobiti, kuyambira mutu 4 mpaka mutu 11, likutiphunzitsa mmene kholo limatumizira mwana kutali. Tobiti anali Mwisraele wokhala ku ukapolo ku Ninive. Anali atachita khungu, chuma chitamuthera. Anakumbukira kuti zaka zambiri m'mbuyomo anasungitsa matalente khumi a siliva kwa Gabaele ku Ragesi m'dziko la Mediya, ndipo anaganiza zotuma mwana wake mmodzi yekhayo, Tobiyasi, kuti akatenge. Iye mwini sakanatha kuyenda ulendowo. Komabe sanangomutsegulira chitseko n'kumuuza kuti Mulungu akuperekeze. Anamukhazika pansi n'kumulangiza. Anamupatsa kalata ya umboni wa ndalamazo. Kenako anamuuza kuti apeze munthu wokhulupirika wodziwa njira, ndipo munthuyo atapezeka, Tobiti anamuitanitsa m'nyumba, namufunsa za mtundu wake ndi banja lake, napangana naye za malipiro. Munthuyo anali mngelo Rafaele, ngakhale iwo sanadziwe.

Onani, abale anga. Tobiti anali munthu wa pemphero, koma pemphero lake linayenda limodzi ndi kalata, mafunso ndi mnzake wa paulendo. Ife nthawi zina timati tamupereka mwana m'manja mwa Mulungu, pamene kwenikweni tachita ulesi kufunsa. Mulungu anatumiza mngelo ku banja limene linachitapo mbali yake. Tiyeni titenge zinthu zinayi kuchokera kwa Tobiti.

Choyamba: kaoneni ndi maso anu

Chithunzi cha pa WhatsApp chimaonetsa khoma limodzi lokha, ndipo mwana amasankha khoma labwino. Ngati n'kotheka, pitani kamodzi pachaka. Mukalephera, tumani mlongo wanu, mnansi kapena mkhristu mnzanu wokhala kufupi. Mukafika musathere pakhomo pocheza ndi eni nyumba. Lowani m'chipinda, yang'anani kudenga ngati malata akuonetsa kuwala kwa dzuwa. Gwirani khoma m'munsi: likakhala lonyowa, lakuda ndi nkhungu, dziwani kuti mwanayo akupuma zimenezo usiku wonse. Tsegulani zenera muone ngati limatseguka. Werengani matilesi, pakuti chipinda cha anthu awiri chikagonedwa ndi asanu mpweya susintha, ndipo chifuwa chachikulu chimafala msanga m'malo otere. Mwana akatsokomola masabata awiri osasiya, apite akayezetse. Ku zipatala za boma kuyezako ndi mankhwala ake n'zaulere.

Pemphani kuti akuonetseni chimbudzi ndi bafa, ndipo funsani kuti zimagwiritsidwa ntchito ndi anthu angati. Funsaninso kumene amatunga madzi mpopi ukauma. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30, koma m'mapuloti ambiri zinthu ziwirizi zimayang'anizana. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu March 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Botolo la mankhwala othira m'madzi akumwa, chidebe chokhala ndi chivundikiro ndiponso sopo, zimatchipa kuposa bokosi la maliro.

Onani pamene nyumbayo yamangidwa. Ife a mu Blantyre tinalira mu March 2023 pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Chipinda cha m'mphepete mwa mtsinje kapena chotsamira phiri chingakhale chotchipa m'chilimwe, koma mvula ikayamba mtengo wake ndi wina.

Yang'ananinso mawaya a magetsi. Ambiri amakokedwa kuchokera ku nyumba yaikulu, olumikizidwa ndi pepala la pulasitiki, ndipo pa soketi imodzi pamakhala hotipuleti, ketulo ndi laputopu. Mufunse mwanayo chimene amachita magetsi akazima. Kandulo yoiwalika pafupi ndi neti yatenthapo nyumba zambiri. Ndipo pali mdani wina wosaoneka: mbaula ya makala m'chipinda chotseka, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, amagona, ndipo ena sadzukanso. Muuzeni mwana wanu momveka bwino kuti mbaula igone panja.

Kwa ana athu aakazi, onani ngati chitseko chili ndi loko wolimba ndi chotsekera cham'kati, ngati bafa lili ndi chitseko, ndiponso mtunda umene amayenda usiku pochokera ku laibulale. Funsani kuti kiyi wina wa chipindacho amasunga ndani.

Chachiwiri: pangano likhale lolembedwa

Tobiyasi anafunsa bambo ake kuti Gabaele akamukhulupirira bwanji popeza sankadziwana. Tobiti anamufotokozera kuti iye ndi Gabaele analemberana kalata, naigawa pakati, aliyense n'kusunga chidutswa chake. Anthu awiriwa anali pachibale ndipo onse ankaopa Mulungu, komabe analemba. Kulemba pangano si kukayikira mnzako. Ndi kuteteza ubale kuti usadzathere pa mawu akuti ine sindinatero.

Ophunzira ambiri amalowa m'nyumba pongogwirana chanza, atalipiriratu miyezi itatu kapena semesita yonse. Vuto likabuka alibe pogwira. Makolo, thandizani ana anu kulemba pepala limodzi lokha, ngakhale lochotsa m'kope. Palembedwe lendi ya pamwezi ndi tsiku lolipira. Ngati madzi ndi mayunitsi a magetsi zili m'kati mwa lendiyo kapena ayi. Amene adzakonze denga, mpopi ndi chimbudzi zikawonongeka. Ngati mwana azilipira pa holide. Nthawi ya chidziwitso lendi isanakwere kapena munthu asanatulutsidwe. Ndiponso mmene dipoziti idzabwezedwere. Onse awiri asayine pamaso pa mboni, aliyense asunge pepala lake. Tsiku lolowa mwana ajambule chipinda chonse pa foni, ming'alu ndi magalasi osweka omwe, kuti potuluka asadzalipitsidwe zimene anazipeza zili choncho. Polipira alandire risiti, ndipo ngati mwatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthengawo usafufutidwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachitatu: mpezereni Rafaele wake

Mwana amene ali yekha mumzinda wachilendo amapirira zinthu zosayenera kupirira. Mpingo wathu uli paliponse pamene pali sukulu. Ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda, ku Thyolo, konseko kuli parishi, kuli miphakati, kuli magulu a ophunzira achikatolika, ndipo m'sukulu zambiri muli ansembe owayang'anira. Mwana asananyamuke, pitani naye ku ofesi ya parishi mukapemphe kalata yomudziwitsa kumene akupitako. Mufufuzireni banja limodzi la chikhristu limene lingamuitane kudzadya nsima Lamulungu, limene lingathamange usiku akadwala malungo. Musunge nambala ya mnzake wogona naye ndi ya eni nyumba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lodontha limalemera koposa.

Chachinayi: nsomba aigwire yekha

Paulendo uja, atafika pa mtsinje wa Tigrisi, chinsomba chachikulu chinalumphira Tobiyasi. Rafaele sanalowe m'madzi kukamugwirira. Anangomulimbitsa mtima kuti aigwire, ndipo mnyamatayo anaikokera yekha pamtunda. Ndulu ya nsomba yomweyo ndi imene inadzachiritsa maso a bambo ake.

Apa makolo ena timalakwitsa mbali iwiri. Ena amati ndiwe wamkulu, zionere wekha, ife tinkaphunzira ndi koloboyi. Ena akangomva dandaulo amaimbira landilodi n'kumulalatira, kenako amadula foni, mwana n'kutsala yekha ndi munthu wokwiya amene ali ndi kiyi wa geti. Njira yabwino ili pakati. Mwana ayambe yekha kukalankhula ndi eni nyumba mwaulemu, pamodzi ndi anzake a papuloti, popeza mawu a anthu asanu amamveka kuposa a mmodzi. Atumizenso uthenga wolemba wonena vutolo ndi tsiku. Pakapita nthawi popanda kusintha, pamenepo kholo liimbe, modekha, ngati wamkulu kwa wamkulu mnzake. Lendi musangoimitsa mwa inu nokha, chifukwa zimenezo zimapatsa mwini nyumba chifukwa chotulutsira mwana. Ngati mwagwirizana kuti mukonze nokha n'kuchotsera pa lendi, zimenezonso zilembedwe.

Zikakanika, njira zilipo. Ku sukulu kuli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ndi bungwe la ophunzira. M'dera muli mfumu ndi khansala. Ku khonsolo ya mzinda kuli a zaumoyo amene ntchito yawo ndi kuyendera zimbudzi ndi ukhondo wa malo okhala anthu. Pa mikangano ya ndalama pali a Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osatha kulipira loya. Ngati mwana akuopsezedwa, kapena wina akumufuna zachiwerewere posinthana ndi lendi, imeneyo si nkhani yokambirana pakhonde: apite ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo achoke m'nyumbamo tsiku lomwelo. Dipoziti imapezekanso, koma moyo ndi ulemu wa mwana zikawonongeka n'zovuta kubweza.

Ndinene mosabisa, makolo anga. Mwana wamkazi akasiya kupempha ndalama ya lendi mwadzidzidzi, musafulumire kuthokoza kuti wakula. Funsani mwachikondi kuti akulipira ndani. Ndipo akakuuzani vuto, mawu anu oyamba asakhale omudzudzula. Mwana amene wakalipiridwa kamodzi chifukwa chonena zoona, ulendo wina amabisa. Ngakhale mulibe ndalama yomusamutsira lero, muuzeni kuti mwamva ndipo muganizira limodzi. Mawu amenewo okha amachotsa theka la katundu pamutu pake.

Mawu kwa ife eni nyumba

Tsopano nkhani itembenuke. M'tchalitchi muno muli ambiri amene muli ndi zipinda za lendi kuseri kwa nyumba zanu, ndipo mumakhala ana a anthu ochokera ku Chitipa, ku Nsanje, ku Mchinji. Makolo awo akupemphera m'maparishi ena, kupempha Mulungu kuti ana awo akumane ndi anthu abwino. Yankho la pempherolo ndinu. Kuchititsa lendi si tchimo. Munamanga ndi thukuta lanu, simenti yakwera, ndipo ena mwa inu lendiyo ndiyo penshoni yanu. Nanunso mumakumana ndi ophunzira osalipira, ophwanya zitseko, osokosa usiku. Zimenezo n'zoona. Koma Mawu a Mulungu sasiya mwini nyumba wopanda udindo.

Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kutchinga m'mbali mwa denga lake, popeza anthu a kumeneko ankakhala pamwamba pa madenga afulati, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Mulungu amawerengera mwini nyumba ngozi imene akanatha kuipewa. Waya wosakutidwa uja, dzenje la chimbudzi lodzaza lija, khoma long'aluka lija, ndiwo madenga athu osatchinga. Pa Levitiko 14:33-45 pali lamulo la nyumba yogwidwa nkhungu. Mwini nyumba ndiye ankayenera kupita yekha kukanena kwa wansembe. Miyala yogwidwayo inkachotsedwa, makoma ankapalidwa ndi kumatidwanso, ndipo nkhungu ikabwerera nyumbayo inkagwetsedwa. Sankapaka laimu pamwamba n'kulowetsamo munthu wina.

Chitsanzo chokoma chili pa 2 Mafumu 4:8-10. Mayi wa ku Sunemu anaona kuti mneneri Elisa amadutsa kawirikawiri, ndipo anapangana ndi mwamuna wake kumumangira kachipinda, naikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Taonani zinthu zinayizo: si ndizo zomwe wophunzira amafuna? Pogona, powerengera, pokhala ndi kuwala. Mayiyu anaganizira zimene mlendo wake adzasowe mlendoyo asanapemphe. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi mwana wanu wobereka mungamugoneke m'chipinda chimene mukulandirirapo ndalama? Ngati mtima ukukana, konzani mvula isanagwe. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sizigwirizana kuti dzanja limene lalandira Ukaristia m'mawa likakhome loko pa chitseko cha mwana wa mnzako madzulo, mabuku ake ali m'kati, mawa lake ali ndi mayeso.

Zimene Mpingo umaphunzitsa, ndi zimene tingachite

Wina angafunse kuti nkhani ya malata ndi zimbudzi ikufuna chiyani m'kalata ya parishi. Mpingo unayankha kale. Mu 1963 Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Pacem in Terris, anaika pokhala pa mndandanda wa maufulu a munthu aliyense, pamodzi ndi chakudya, zovala ndi chithandizo cha mankhwala. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unabwereza zomwezo mu 1965 m'chikalata cha Gaudium et Spes. Papa Francis naye mu Laudato Si' ya 2015 anakamba za kusowa kwa nyumba zoyenera m'mizinda, nati nkhaniyi ikukhudza ulemu wa munthu. Thupi la wophunzira uja linadzozedwa mafuta pa Ubatizo ndi pa Kulimbitsa. Ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo kumene kachisiyo akugona ndi nkhani yathu tonse.

Choncho ndikupempha miphakati yathu kuti pa msonkhano wa sabata ino tikambirane zinthu zitatu. Tilembe mayina a ana a mumphakati mwathu amene ali ku sukulu zakutali, ndipo tifunse makolo awo ngati anaonako kumene akugona. Tidziwenso ophunzira achilendo amene akuchita lendi m'dera lathu, tiwayendere, tiwaitane ku mapemphero. Ndipo ife amene tili ndi luso, amisiri a matabwa, a mipopi, a magetsi, anamwino ndi odziwa malamulo, tidzipereke Loweruka limodzi kuthandiza pamene pavuta. A bungwe la Chilungamo ndi Mtendere angatithandize kukonza chitsanzo cha pangano la lendi cha tsamba limodzi, choti kholo lililonse lizitha kutenga ku ofesi ya parishi.

Kwa inu ophunzira, azing'ono anga: kubisa vuto si ulemu. Makolo anu angakonde kumva za denga lodontha lero kusiyana ndi kuitanidwa kuchipatala mawa. Nanunso khalani alendi abwino. Lipirani pa nthawi yake, mukachedwa nenani msanga, sesani, samalani za eni, ndipo ndalama ya lendi isathere pa kubetcha mpira. Wofuna chilungamo ayambe wachichita yekha.

Buku la Tobiti limatiuzanso za Ana, mayi ake a Tobiyasi, amene tsiku ndi tsiku ankatuluka kukayang'ana njira imene mwana wake anadzera, mpaka tsiku limene anamuona akubwera. Amayi ambiri muno mukudziwa kudikira kotero. Mukatuluka mu Misa ino, imbirani mwana wanu. Musayambe ndi za magiredi. Mufunseni ngati denga likudontha, ngati chitseko chimakhomeka, kumene akutunga madzi, ndipo mumupatse nthawi yoti ayankhe.

Tipemphere. Atate a chifundo, Mwana wanu anabadwira m'khola chifukwa malo anasowa m'nyumba ya alendo. Yang'anani ana athu amene ali kutali ndi kwawo chifukwa cha maphunziro. Apatseni pogona pabwino ndi anzawo okhulupirika. Patsani makolo nzeru ndi kuleza mtima, ndipo eni nyumba muwapatse mtima wa mayi wa ku Sunemu. Rafaele Woyera, mngelo wa apaulendo, perekezani ana athu mpaka abwerere kwathu ali amoyo ndi athanzi. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.